KUDYETSA NJUCHI PA NYENGO YA NJALA

Chaka chiri chonse, pofika mwezi wa Okutobala, pamene mitengo ya m'mapiri a Namizimu ndi Phirilongwe iyamba maluwa, anthu oweta njuchi m'boma la Mangochi apita kukazonda ming'oma yao. Ena apeza njuchi ziri pikitipikiti pa ntchito. Koma ena apeza mng'oma uli zii, munatsala malesa ouma okha ndi abuluzi. Pamenepo mwini ayamba kunena kuti njuchi nzosakhulupirika, kapena kuti mnansi wina wamchita chipongwe. Kawirikawiri chifukwa chake si chimenecho iai. Njuchizo zinathawa njala, ndipo njalayo inayamba miyezi iwiri yapitayo, mwini wake osadziwa.

Munthu woweta mbuzi adziwa msanga ngati mbuzi zake zaonda, pakuti aziona tsiku ndi tsiku. Koma nkhokwe ya njuchi iri m'kati mwa mng'oma, mumdima, ndipo munthu sangaione ngati sachita kuifuna. Nchifukwa chake woweta njuchi ayenera kuphunzira zinthu zitatu: nthawi imene njala igwa, njira yodziwira kuti chakudya chatha, ndi njira yodyetsera njuchi popanda kuziononga.

NYENGO ZA KUNO SI ZA KU ULAYA

Aphunzitsi ndi ena amene awerenga mabuku a njuchi olembedwa ku Ulaya apezamo mau akuti njuchi zidyetsedwe m'mwezi wa Malichi ndi Epulo. Mauwo ngoona kwa eni ake a maiko amenewo. Kumeneko chisanu chikhala chachikulu miyezi yambiri, maluwa kulibe, ndipo njuchi ziunjikana pamodzi m'mng'oma osatuluka, nkumadya uchi umene zinasunga. Pakutha pa chisanucho nkhokwe ikhala itatsala pang'ono kutha, ndipo mabanja ambiri a njuchi afa ndi njala maluwa ali pafupi kuyamba.

Kuno kunyanja Malichi ndi Epulo ndi miyezi ya maluwa ambiri. Mchenga uli ndi maluwa m'mapiri, mpendadzuwa m'minda, ndi zitsamba zambirimbiri m'tchire. Wodyetsa njuchi pa nthawi imeneyi angotaya shuga wake pachabe. Njala ya njuchi za kuno igwa kawiri pa chaka.

Njala yoyamba igwa kuyambira Julaye kufikira kuchiyambi kwa Seputembala. Pa nthawiyi udzu wauma, mitengo yambiri yayoyola masamba, moto wayamba kutentha tchire, ndipo mphepo ya mwera iomba masiku ambiri kotero kuti njuchi zilephera kuuluka bwino. Njala yachiwiri igwa mu Januwale ndi Febuluwale, ikakhala mvula yamvumbi. Mvula itsuka timadzi totsekemera ta m'maluwa, ndipo njuchi zikhala m'nyumba masiku angapo zikungodya.

Njalayi siifanana ponseponse. M'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nankumba kudzafika ku Malindi ndi ku Malombe, kumene kuli mitengo ya nsangu ndi mango, njala ya chisanu ifupika, pakuti nsangu ichita maluwa mvula itatha ndipo mango atsatira. Kumtunda monga ku Namwera ndi ku Katuli kuzizira kuposa kunyanja, ndipo njuchi zidya uchi wambiri pofunditsa ana ao. Ndiponso chaka cha chilala, monga chinali 2016 ndi 2024, maluwa achepa, njala niyamba msanga.

CHIFUKWA CHAKE OGASITI NDI MWEZI WAUKULU

M'banja la njuchi muli manthu mmodzi, amene ena amutcha mfumukazi. Ntchito yake ndiyo kuikira mazira, ndipo chakudya chikachuluka atha kuikira mazira oposa 1,000 pa tsiku limodzi. Dzira liswa patapita masiku 3. Kamphutsi kadyetsedwa masiku 5 kapena 6, kenaka katsekeredwa m'chipinda chake. Njuchi yantchito ituluka patapita masiku ngati 20 chiikirire dzira lija. Koma siiyamba kupita kumaluwa pomwepo iai. Iyamba yagwira ntchito za m'nyumba, kusesa, kulera ana ndi kumanga malesa, kwa masabata awiri kapena atatu. Kotero kuchokera pa dzira kufikira pa njuchi yotuta chakudya papita masabata ngati 6.

Tsono maluwa aakulu a chaka, a mombo, tsamba ndi mlombwa, ayamba kumapeto kwa Seputembala nafika mu Novembala. Munthu akawerenga masabata 6 chobwerera m'mbuyo afika pakati pa Ogasiti. Ndiye kuti njuchi zimene zidzatuta uchi wa Okutobala ziyenera kuikiridwa mazira mu Ogasiti, pakati peni peni pa njala. Koma manthu saikira mazira ambiri ngati chakudya sichikulowa m'mng'oma. Banja lanjala lifika pa maluwa liri ndi antchito ochepa, ndipo litha miyezi ya maluwayo likungolera ana. Podzachuluka njuchi, maluwa atha. Akulu anati mmera mpoyamba: uchi wofula mu Novembala ndi Disembala uyambira pa zimene mwini anachita mu Ogasiti.

Palinso china. Njuchi za ku Ulaya zikhala m'mng'oma ngakhale kufikira kufa ndi njala. Njuchi za kuno ku Africa sizitero. Zikaona kuti chakudya chatha zileka kulera ana, zidikira kuti ana otsiriza atuluke, kenaka banja lonse linyamuka kukafuna malo ena. Kwa njuchi imeneyi ndi nzeru, koma kwa mwini ndi kutaya chuma cha chaka chonse.

KUZONDA MNG'OMA USANATSEGULIDWE

Zambiri zidziwika osatsegula mng'oma. Mwini apite m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, cha m'ma 9 koloko, akhale chapambali pa khomo la njuchi, osati patsogolo pake, nayang'ane modekha.

Ngati njuchi zambiri zilowa ziri ndi timibulu tachikasu kapena tofiira m'miyendo ya m'mbuyo, umenewo ndi mungu wa maluwa, ndipo usonyeza kuti m'katimo muli ana ndi kuti kutchire kukali chakudya. Ngati zotuluka ziri zowerengeka ndipo palibe yobwera ndi mungu, nthawi siiri bwino. Ngati pansi pa khomo pali njuchi zazimuna zakufa, zija zazikulu zosaluma, ndiye kuti banja layamba kuchepetsa pakamwa, pakuti zazimuna zingodya osagwira ntchito. Ngati pali mphutsi zoyera zotayidwa kunja, njala yafika poipa ndithu.

Chizindikiro china chioneka m'mudzi. Njuchi zikachuluka pachigayo, pa gaga, pa ufa wa chinangwa woyanika padzuwa, kapena pa zikhutu za mizimbe pamsika, ndiye kuti kutchire kulibe kanthu.

Kenaka mwini anyamule mng'oma pang'ono mbali ya kumbuyo ndi dzanja limodzi kuti amve kulemera kwake. Wochita zimenezi mwezi ndi mwezi azolowera, ndipo dzanja lake limuuza ngati uchi ukuchuluka kapena ukutha. Pa ming'oma ya makungwa ndi ya zipika, imene malesa ake satulutsika, njira yaikulu ndi yomweyi.

KUYANG'ANA M'KATI

Ming'oma yamakono inapangidwa kuti munthu azitha kuona m'kati osaononga malesa. Mng'oma wa mafelemu unakonzedwa ndi Mbusa L. L. Langstroth wa ku America, amene anaulembetsa m'chaka cha 1852. Mng'oma wa timatabwa ta pamwamba, wooneka ngati bwato, umene uli wofala kuno, unakonzedwa kuti ugwire ntchito ku Kenya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Pa kathabwa kali konse njuchi zimanga lesa limodzi, ndipo munthu atha kulitulutsa, kuliona ndi kulibwezera.

Pa nyengo ya njala njuchi zikhala zaukali, choncho mng'oma utsegulidwe madzulo dzuwa liri pafupi kulowa, tsiku lopanda mwera. Wotsegula avale zodzitetezera, akhale ndi mnzake, ndipo ana ndi ziweto zikhale kutali. Utsi ukhale wozizira ndi wochepa; moto wa miyuni utentha mapiko a njuchi ndi kuyambitsa moto wa tchire.

Atachotsa chivundikiro, agogode timatabwa pang'onopang'ono kuyambira kumbuyo. Pamene pamveka phokoso la chinthu chopanda kanthu palibe lesa. Ayambire pamenepo kutsegula, nasendere ku khomo. Malesa a uchi akhala kumbuyo, a ana akhala chakukhomo. Pa lesa la ana, uchi ukhala kumwamba ngati mkombero, mungu pansi pake, ndi ana pakati. Lesa ligwiridwe choimirira monga likhalira m'mng'oma, pakuti likapendekeka lithyoka.

Lesa lodzaza ndi uchi womata lilemera kilogalamu imodzi kapena awiri. Banja limene liri ndi malesa atatu otere, kapena kuposa, lisiyidwe. Lidzafika lokha pa maluwa. La malesa awiri liyenera kuzondedwanso patapita masabata awiri. Koma ngati palibe lesa ngakhale limodzi lodzaza, ndipo pamwamba pa ana pali pouma, banjalo lidyetsedwe tsiku lomwelo.

Mwini ayang'anenso ngati muli mazira kapena timphutsi tating'ono. Mukakhala mulibe ana konse, njuchi zikulira mosokonekera ndi kubalalika pa malesa, kapena manthu anafa. Banja lotere shuga salithandiza. Mwini afunse mlangizi za kuliphatikiza ndi banja lina. Malesa akale akuda amene njuchi sizikhalapo achotsedwe ndi kusungunulidwa kuti apereke phula, pakuti akatsala aitana njenjete zimene mphutsi zake zidya malesa. Ntchito yonseyi isapitirire mphindi 10, kuopa kuti ana angazizidwe ndi kuti fungo la uchi lingaitane njuchi zakuba.

CHAKUDYA CHOYENERA NDI CHOSAYENERA

Chakudya choposa zonse ndi uchi wa njuchi zomwezo. Mwini wa ming'oma ingapo atha kutenga lesa limodzi la uchi womata m'banja lamphamvu lopanda matenda, kusasa njuchi zonse, ndi kuliika pafupi ndi ana m'banja lanjala.

Uchi wogula kumsika kapena kusitolo usapatsidwe kwa njuchi. Pali nthenda yoopsa imene ioletsa ana a njuchi m'malesa, ndipo tizirombo take tikhala m'uchi zaka zambiri osafa. Kwa munthu tiribe vuto, koma kwa njuchi ndi imfa. Nthenda imeneyi inapezeka ku South Africa m'chaka cha 2009 ndipo inaononga ming'oma yambiri. Munthu sangadziwe kumene uchi wa m'botolo wachokera.

Popanda uchi, chothandiza ndi madzi a shuga. Kapangidwe kake ndi aka: lita imodzi ya madzi iwiritsidwe ndi kuphulidwa pamoto. Akali ofunda athiremo kilogalamu imodzi ya shuga ndi kutakasa kufikira shuga yense atasungunuka. Wopanda sikelo ayese kapu imodzi ya shuga pa kapu imodzi ya madzi. Madziwo azizire asanaperekedwe. Shuga asawiritsidwe pamoto, chifukwa akapserera asanduka chiphe kwa njuchi. Madzi opyapyala otere afanana ndi timadzi ta m'maluwa, ndipo ndiwo achititsa manthu kuyamba kuikira. Pa mvula yamvumbi ya Januwale, pamene chinyezi chachuluka, nkwabwino kuchita magawo awiri a shuga pa gawo limodzi la madzi, pakuti madzi okhuthala sachedwa kusungika ndipo sasasa msanga.

Shuga woyera ndiye wabwino koposa. Wofiirira pang'ono atha kugwira ntchito pakasowa woyera. Koma zotsalira zakuda za ku fakitale ya shuga, thobwa, zakumwa za m'mabotolo ndi zipatso zoola zitsegula njuchi m'mimba.

KAPEREKEDWE KAKE

Chakudya chiikidwe m'kati mwa mng'oma, osati pabwalo. Njuchi imodzi ikapeza chotsekemera ibwerera kwao nikavina pa lesa, ndipo kavinidweko kauza zinzake kumene kuli chakudya ndi kutalika kwake. Amene anatulukira zimenezi ndi Karl von Frisch wa ku Austria, amene analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1973. Kotero mbale yoikidwa pabwalo idzaza ndi njuchi za mabanja amphamvu ndi za m'mphako za kutchire, ndipo banja lofooka lija silipeza kanthu. Zikatha za m'mbalezo ziyamba kulowa m'ming'oma yofooka kukaba, ndipo nkhondo ibuka.

Chiwiya chosavuta ndi botolo la kukamwa kwakukulu kapena chitini chokhala ndi chotsekera cholimba, chotsukidwa bwino. Chotsekeracho chibooledwe ndi nsonga ya kamsomali timabowo 5 kapena 6 tating'ono kwambiri. Botolo lidzazidwe, litsekedwe, ndi kuzondotsedwa. Madzi adontha pang'ono kenaka aleka. Pamenepo liikidwe chozondoka pa timitengo tiwiri pansi m'mng'oma, kuseri kwa lesa lotsiriza, kuti njuchi zizilowa kunsi kwake ndi kuyamwa. Wopanda botolo aike mbale yosazama, koma ayalemo timitengo kapena udzu wouma woyandama, pakuti njuchi zimira msanga. Pa mng'oma wa chipika, mbaleyo ilowetsedwe potsegula chotsekera cha kumbuyo.

Malamulo ofunika kuwasunga ndi awa:

1. Chakudya chiperekedwe madzulo, njuchi zitaleka kuuluka.
2. Theka la lita likwana pa ulendo umodzi, kawiri pa sabata.
3. Madzi amene atha masiku 3 osamwedwa achotsedwe, pakuti kunyanja kuno kutentha ndipo asasa ngati mowa.
4. Madzi asatayikire pa mng'oma kapena pansi. Akatayika akwiriridwe ndi dothi.
5. Khomo la banja lofooka lichepetsedwe ndi kamtengo kuti alonda athe kuliteteza.
6. Mawaya kapena miyendo ya mng'oma ipakidwe girisi, ndi phulusa lithiridwe pansi, chifukwa shuga aitana nyerere ndi linthumbu.
7. Woyamba kudyetsa asalekeze panjira. Manthu akayamba kuikira, pakamwa pachuluka, ndipo chakudya chikaduka mwadzidzidzi njala ikhala yoposa poyamba.

Ena adandaula kuti shuga ngwodula. Nzoona, koma nkoyenera kuwerengera. Kilogalamu ya shuga ndi lita ya madzi zipanga madzi a shuga opitirira lita imodzi ndi theka. Theka la lita kawiri pa sabata kwa masabata 4 likhala malita 4, ndiye shuga makilogalamu awiri ndi theka. Mng'oma wamakono wosamalidwa bwino utha kupereka uchi makilogalamu 10 kapena kuposa pa chaka, ndipo uchi uposa shuga mtengo kutalitali. Wokhala ndi shuga wochepa asamwaze pa ming'oma yonse. Asankhe mabanja amene ali ndi manthu wabwino ndi njuchi zochulukirapo.

MUNGU NDI MADZI

Shuga apatsa njuchi mphamvu, koma ana sakula ndi shuga yekha. Ndiwo yao ndi mungu. Ufa wa chimanga ndi wa chinangwa umene njuchi zitola pachigayo uli ndi zomanga thupi zochepa. Wothandizako ndi ufa wa soya wokazinga, wosefa bwino, woikidwa wouma m'lichero pamthunzi posafika mphepo, ndi kuchotsedwa madzulo. Ufa ndiwo wokha uloledwa kuikidwa pabwalo, pakuti suyambitsa kuba.

Madzi nawo ndi chakudya. Njuchi zisunga ana ao pa kutentha kwa madigiri ngati 35. Mu Okutobala ndi Novembala ku Mangochi kutentha kufika pamenepo ngakhale kupitirira, ndipo njuchi zituta madzi, ziwamwaza pa malesa ndi kukupiza mapiko kuti muzizire. Ming'oma yokhala kutali ndi nyanja kapena mtsinje wa Shire iikidwire mphika kapena beseni la madzi pamthunzi, muli miyala kapena timitengo poterapo. Zikazolowera pamenepo sizivutitsa amai pamjigo ndi pachitsime.

NTHAWI YOLEKA

Mitengo ikayamba maluwa, njuchi zikabwera zolemedwa, ndi m'mphepete mwa malesa mukaoneka phula latsopano loyera, kudyetsa kulekeke ndipo botolo lichotsedwe. Njuchi zisunga madzi a shuga m'malesa monga zichitira ndi timadzi ta m'maluwa, koma zimenezo si uchi. Wogulitsa zotere ngati uchi anyenga anthu, ndipo aononga mbiri ya oweta njuchi onse a dera lake. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndilo liyang'anira za miyezo ya zinthu zogulitsa, ndi uchi womwe.

KUPEWA KUPOSA KUCHIZA

Njala yambiri ya mu Ogasiti iyamba pa kufula kwa mu Meyi ndi Juni. Munthu aona uchi wokoma natenga wonse, kuiwala kuti kutsogolo kuli miyezi itatu yopanda maluwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wofula mvula itangotha asiye malesa atatu kapena anai a uchi womata, ndipo malesa a ana asawakhudze. Pa kufula kwa Novembala ndi Disembala asiyenso gawo la mvula yamvumbi.

Kopambana zonse ndiko kusunga mitengo. Njuchi zifuna chakudya pa mtunda wa makilomita awiri kapena atatu kuzungulira mng'oma. Ngati mombo ndi mchenga za m'deralo zapita ku makala, palibe shuga amene angalowe m'malo mwake. Nsangu isiyidwe m'minda, pakuti inoneetsanso nthaka. Mango, nandolo, mpendadzuwa ndi maungu zidyetsa anthu ndi njuchi pamodzi, ndipo njuchizo zibweza pochulukitsa zipatso. Udzu wozungulira ming'oma ulambulidwe mu Juni moto usanayambe. Opopera mankhwala m'madimba a tomato ndi chimanga apopere madzulo njuchi zitabwerera. Lamulo la za nkhalango la chaka cha 1997 lipatsa midzi mwai wokhala ndi nkhalango zao ndi makomiti oziyang'anira, ndipo nyakwawa zingathe kuthandiza kwambiri pa zimenezi. Wofuna kupachika ming'oma m'nkhalango ya Boma kapena m'paki ya Lake Malawi, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ayambe wapempha chilolezo kwa oyang'anira malowo.

NTCHITO YA APHUNZITSI

Miyezi yatchulidwayi ndi yongolozera njira, pakuti mudzi uli wonse uli ndi mitengo yake. Apa aphunzitsi angathe kuthandiza. Pasukulu pakhale kope limodzi, ndipo Lachisanu liri lonse ana anene mitengo ndi mbeu zimene aziona ziri ndi maluwa, ndi zimene njuchi zikuterapo. Pakutha pa chaka masabata opanda maluwa adzaoneka okha m'kopemo. Imeneyo ndiyo njala ya njuchi ya mudzi umenewo, ndipo makolo adzadziwa nthawi yozonda ming'oma ndi mitengo yoyenera kubzala kuti itseke mpatawo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Woweta njuchi asadikire kuona mng'oma wopanda kanthu. Pofika pakati pa Julaye akhale atanyamula mng'oma uli wonse ndi kumva kulemera kwake, ndipo abwereze masabata awiri ali onse kufikira mombo utachita maluwa. Amene afuna kuona ndi maso m'mene botolo liikidwira, kapena ali ndi banja la njuchi lomudabwitsa, aonane ndi mlangizi wa za nkhalango kapena wa za ulimi wa m'dera lake.